Migolo ya Bambo a Chenai

Migoloyo ndinakhuthula ndine. Ndiyambe ndi kuvomera zimenezo, chifukwa kuno ku Kariba nkhani ikafika pamsika wa Nyamhunga imakhala itamera kale nyanga, ndipo ena akuti amuna anga ankafuna kumiza ana a eni ake. Limenelo ndi bodza. Munthu uja ngakhale kupha nkhuku amaitana ine.

Tinakhala m'boti zaka khumi ndi zinayi, ine ndi bambo a Chenai. Linali boti la nyumba, zipinda zitatu pansi ndi khonde lalikulu pamwamba, zonsezo zitakhazikika pa mathanki awiri aatali achitsulo, lina kumanja lina kumanzere. Analigula kwa mzungu amene ankamuyendetsera, pamene mzunguyo ankachoka m'dziko muno, n'kulitcha Chipo Changu, kutanthauza mphatso yanga. Ine ndinkalitcha mkazi mnzanga, poti ndiye ankayamba kudya ife tisanadye. Penti chaka ndi chaka, chiphaso, lendi ya pagombe, dizilo, mabatire, zonsezo zake. Kale alendo okonda kuwedza ankatichita hayala masiku atatu kapena anayi, zinthu n'kumayenda. Alendo atachepa tinagulitsa jenereta, kenaka kaboti kakang'ono kamene tinkakoka kumbuyo. Madzi atafika m'khosi ndinawauza kuti: "Bambo a Chenai, musankhe. Mukalamba ndi ine kapena ndi chitsulochi?"

Patatha sabata yathunthu analemba chikwangwani chogulitsa boti.

M'boti muja ndinali ndi dandaulo limodzi. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo amuna anga anayamba matenda osuntha katundu. Filiji yaikulu anaikokera kumanja. Makina anga osokera, achitsulo aja opalasa ndi phazi, kumanja. Kabati, matumba a ufa wa sadza, mabatire, zonse kumanja, moti poyenda mbali imeneyo unkachita kupendeka ngati nkhanu, pamene kumanzere kunali mbee. Ifenso anatisamutsa m'chipinda chakumanzere, chopita mphepo bwino chija, n'kukankhira bedi kukhoma la kumanja.

"Muzigona kukhomaku, mayi a Chenai," anatero. "Muziona dzuwa likamatuluka."

Ndinakondwa ngati mtsikana. Ine ndine munthu wa thupi, kulemera kwanga timadziwa ndi ine ndi namwino wa kusikelo basi, ndipo mwamuna akayamba kukuuza za dzuwa uli ndi zaka makumi asanu ndi kanthu, sufunsanso mafunso.

Wogula anapezeka. Anali a Madzivanyika a ku Harare, ogulitsa matayala, munthu wolankhula foni ili kukhutu. Anati abwera Loweruka ndi banja lawo, tiwayendetse panyanja ola limodzi kapena awiri, akakhutira alipire pompo. Ndalamazo tinali titazipezera kale kanyumba ka zipinda ziwiri ku Nyamhunga. Podikira tinachita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya munthu wina, ndipo Lachinayi tinasamutsira katundu yense kumeneko, filiji, makina, kabati, bedi. Boti linatsala lopanda kanthu koma silinasinthe kaimidwe. Nyanja inali itaphwera kwambiri, ndipo kwa chaka ndi theka mimba yake inali itakhala pamatope, osayenda.

Lachisanu bambo anabweretsa migolo isanu ndi umodzi yadzimbiri, n'kuindandalika m'mbali ya kumanja. Anaidzaza madzi ndi ndowa, okha, dzuwa la Okutobala likuwotcha chomwecho.

"Migoloyi ndi ya chiyaninso?"

"Isiyeni."

"Alendo akubwera mawa, inu mukubweretsa zinyalala?"

"Ndati isiyeni, mayi a Chenai."

Loweruka m'mamawa anapita kukagula dizilo ndi kukachingamira alendowo. Ine ndinakolopa, kupukuta mawindo, kuyala nsalu patebulo. Ndikamaliza ndikayang'ana, maso ankangogwera pamigolo ija, ili ndondondo ngati tikugulitsa phula. Dzimbiri linali litayamba kale kudetsa pamene ndakolopa. Ndinaitana mayi a Luyando, mnansi wathu woyanika kapenta, tinsomba tonga usipa tija, amene ankaisirira kuyambira dzulo lake. Tinatsegula, kupendeketsa, madzi onse kubwerera kwawo m'nyanja, n'kugubuduzira migoloyo kumtunda. Ndinakolopanso kachiwiri ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndikudziona ngati mkazi wanzeru.

Anafika cha m'ma teni koloko. A Madzivanyika anali patsogolo, kenaka akazi awo atavala chipewa chachikulu, ndi ana awo awiri aakazi, Ruvarashe wa zaka zisanu ndi zitatu ndi kamng'ono kake Makanaka, ka zaka zinayi. Ana anathamangira pamwamba. Amuna anga analowa pomalizira atanyamula zigubu za dizilo, ndipo atafika pamene panali migolo anaima. Ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndawaonapo akuika maliro a mayi awo, koma nkhope imeneyo ndinali ndisanaione. Milomo inatuwa ngati phulusa.

"Migolo ili kuti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndapatsa mayi a Luyando. Taonani mmene mwakongolera."

Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndi zimene zinayamba kundiopsa. Anatsitsa zigubu, n'kupita kwa wogula uja akupukuta manja pabuluku.

"Bwana, bwanji tiyende mawa? Kamphepoka sindikukakhulupirira."

"Mphepo iti, madala?" a Madzivanyika anaseka. "Mbendera iyo ili lende. Ine madzulo ano ndikubwerera ku Harare, ndipo pali boti lina ndikukaona thu koloko. Ngati lanuli limaopa madzi, nenani."

Bambo a Chenai anayang'ana kumtunda kumene kunali migolo, n'kuyang'ana ine. Kenaka anakwera kuchiwongolero. Asodzi anayi anatikankha ndi mitengo, injini ikulira chobwerera m'mbuyo, mpaka matope anatisiya.

Poyamba zonse zinali bwino. Ndinagawira ana malalanje, ndinaonetsa mayi wawo khitchini, iye n'kumafunsa ngati mphemvu zilimo. Titatuluka pagombe n'kulowa pakuya, Makanaka anaika lalanje lake pansi kuti akonze nsapato. Lalanjelo linayamba kugubuduzika lokha, pang'onopang'ono, kudutsa chipinda chonse, mpaka kukagunda khoma la kumanzere. Mwana anaseka, analitenga, analiikanso pomwe paja. Linapitanso, ulendo uno mofulumirirapo.

Ine sindinaseke. Ndinasuzumira pawindo la kumanzere. Thanki la mbali imeneyo ndinkalidziwa, linali ndi mzere wofiira umene unkakhala pamwamba pa madzi nthawi zonse. Mzerewo sunkaoneka. Ndinapita kumanja, mzere wa kumeneko unali m'mwamba ndithu, mpaka ndere zobiriwira za kunsi zikuonekera.

Ndinakwera masitepe ndikugwira chitsulo ndi manja onse awiri. Banja lonse linali litasonkhana pakhonde la pamwamba, mbali ya kumanzere, likujambula mvuu zimene zinali patali. Amuna anga anali pachiwongolero, malaya ali chonyowa.

"Bambo a Chenai, botili likugonera kumanzere."

Anapitiriza kuwongolera, maso ali kutsogolo.

"Ndikulankhula ndi inu."

"Thanki la kumanzere lili ndi madzi," anatero, osandiyang'ana. "Zipinda zake ziwiri zapakati zinaboola. Ndinamata ndi simenti koma zimadzazabe."

"Kuyambira liti?"

"Zaka zisanu ndi chimodzi."

"Osakawotcherera bwanji?"

"Kulikokera kumtunda kokha ndi ndalama ya chaka chathunthu, mukudziwa. Ndinkati tikapeza alendo ambiri. Katundu uja ndiye ankaliwongola. Migolo ija inali yolowa m'malo mwa katundu. Ndinkafuna ndiwauze tikafika kumtunda, tichotsereko mtengo."

Kaya ankanena zoona pa mawu omalizawo, sindikudziwa mpaka lero.

"Ndiye bwererani."

"Ndikakhota pano, mafunde amenya mbali yotsikayo. Chipinda chachitatu chili ndi chivundikiro pamwamba, mphira wake unatha. Madzi akafika pamenepo, basi." Analoza ndi chibwano kutsogolo, kumene kunali gombe la udzu kuseri kwa mitengo ya tsanya youma, ija inamira pamene ankatseka damu. "Tipite uko, mphepo ili kumsana. Theka la ola. Asunthireni kumanja anthuwo. Koma musawauze, chonde. Nenani za mthunzi."

Kamphepo kamene ananama nako pagombe kanali katabweradi. Kaboti kopulumukira tinali titagulitsa. Majekete oyandamitsa tinali nawo atatu, ofumbwa, poti tsiku loyendera maboti likafika tonse pagombe paja tinkangobwerekana omwewo. Kusambira ine sinditha, ngakhale ndakhala pamadzi zaka zonsezi, ndipo ngakhale ukanatha, m'nyanja muja muli eni ake. Ng'ona za kumeneko zinatenga mlamu wake wa mayi a Luyando akutsuka ukonde, madzi ali m'mawondo.

Ndinayesa bodzalo. "Bwerani mukhale mbali ino, kuli kamthunzi kabwino." Anabwera mwaulemu, n'kukhala mphindi ziwiri. Kenaka mvuu ina inayasamula, Ruvarashe anathamangira kumanzere, mng'ono wake pambuyo, bambo wawo ndi foni pambuyo pawo. Ndinamva boti likupita nawo. Silinagwedezeke ayi, linangotsika mwakachetechete, osabwereranso. Pansi m'khitchini chitseko cha kabati yomangira kukhoma chinatseguka, makapu n'kuyamba kugwa limodzilimodzi.

Ndinayang'ana amuna anga. Anapukusa mutu pang'ono, kundipempha. Ndinaona kanyumba ka zipinda ziwiri kaja, kali ndi mpopi pakhomo ndi mtengo wa mango. Ndinaonanso Makanaka atatulutsa mutu pakati pa zitsulo za khonde, kumiyendo kwake nsapato imodzi itavuka.

"A Madzivanyika," ndinatero, "botili likumira. Tengani ana mubwere kuno."

Anatembenuka akumwetulira, akuyesa nthabwala za amayi okalamba.

"Thanki la mbali mwaimayo ladzaza madzi. Ladzaza kalekale, tinakubisirani. Bwerani kuno tsopano."

Mkazi wawo ndiye anamva msanga. Anakwatula ana onse awiri, chipewa n'kuuluka kugwera m'madzi. Bamboyo anasuzumira pansi, n'kuona funde likukwera pakhonde la m'munsi, kulowa mpaka pachitseko, n'kubwerera. Anapita kwa amuna anga atakunga chibakera.

"Iwe mdala, ndi ana anga?"

"Mudzawamenya kumtunda, ndidzakugwirirani ndine," ndinatero. "Mukawamenya pano, ayendetse ndani? Tsikani pansi nonse, pamwamba pano tikulilemetsa mutu."

Tinatsika chokwawa. Ana tinawaveka majekete awiri, aakulu mpaka m'mawondo, n'kuwamanga ndi nsalu ya patebulo ija kuti asavuke. Jekete lachitatu ndinapatsa mayi wawo. Tinakokera kumanja chilichonse chosunthika, koma m'boti munali chiyani? Ndinali nditasesa ndekha. Tebulo, mipando inayi ya pulasitiki, zigubu ziwiri za dizilo ndi botolo la gasi, basi. A Madzivanyika anazula chowotchera nyama chimene chinali kumanzere n'kuchiponya m'madzi. Tonse tinaunjikana kuchitsulo cha kumanja, koma funde lotsatira linafikabe chala chimodzi kuchokera pachivundikiro chija. Ndinkachiona bwinobwino kudzera pakhomo, chozungulira ngati mbale, chili ndi mabawuti anayi m'malo mwa asanu ndi atatu.

Pamenepo mawu anatsika kuchokera pamwamba. "Mayi a Chenai."

"Ndikumva."

"Tulukani kunja kwa chitsulo. Mupondere pathanki, mugwire chitsulocho, muwerame chagada. Bwana nawonso."

Ndinayang'ana pamene ankanenapo. Msana wa thanki unali wopapatiza ngati thabwa lokwerera, wonyowa, woterera, ndipo kuseri kwake kunali madzi obiriwira osaoneka pansi. Ndikunena zoona, ndinaopa mpaka mkodzo unatsika, ndipo sindinachite nazo manyazi.

"Sindingathe."

"Mungathe. Inuyo ndi migolo iwiri."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Filiji, makina, kabati, bedi kukhoma. Dzuwa likamatuluka. Ndinamvetsa zonse nthawi imodzi, ndipo mkwiyo ndi umene unandikweza mwendo kudumpha chitsulo chija, osati kulimba mtima. Ndinavula nsapato, ndinaponda, ndinagwira, n'kudziponya chagada. A Madzivanyika anatuluka pambali panga akupemphera, foni itagwera kale m'madzi.

Boti linadzuka pang'ono. Pang'ono zedi, mwina chikhatho chimodzi, koma funde lotsatira linalephera kufika pachivundikiro.

Sindidziwa kuti tinalendewera nthawi yaitali bwanji. Amati mphindi makumi awiri, ine ndimati tsiku. Madzi ankandimenya m'zidendene. Manja anayamba dzanzi, kenaka anasiya kumveka, moti ndinkachita kuwayang'ana kuti ndidziwe ngati akugwirabe. Chinthu chakuda chinayandama kutsogolo kwathu, chachitali, chikubwera molunjika miyendo yanga. Ndinatsinzina. Chinakhudza thanki n'kudutsa. A Madzivanyika anati chinali chipika, koma mawu awo sanali a munthu wotsimikiza, ndipo sindinafunsenso.

Titalowa m'mitengo youma ija mantha anasanduka ena. Imene imaoneka siopsa, yoopsa ndi zitsa zobisala kunsi kwa madzi, zolimba ngati chitsulo. Chimodzi chokha chikanang'amba thanki labwino limene tinapondapo. Amuna anga anachepetsa injini n'kumakhota pang'onopang'ono, uku ndi uku, akutchula mitengo ndi maina amene anaipatsa okha kalekale. Nthambi ina inandikala pamsana n'kung'amba bulauzi. Kunsi kunamveka kukwecha kwakutali, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo Makanaka anafunsa kuti: "Amayi, ndani akugogoda?"

Kukwechako kunatha. Kenaka mphuno ya boti inalowa m'matope, tonse n'kugwera kutsogolo.

Zala zanga anachita kuzimasula chimodzichimodzi ndi mkazi wa a Madzivanyika. Pamene asodzi a kapenta ankafika kudzatitenga, khonde la kumanzere linali litamira, madzi akulowa ndi kutuluka m'chipinda chathu chakale. Wogula uja sanamenye munthu. Anakwera m'boti la asodzi atanyamula ana ake onse awiri, ngakhale wamkuluyo, ndipo ulendo wonse sanatiyang'ane. Pagombe mkazi wake anandibwezera nsalu ya patebulo, ataipinda bwinobwino.

Chipo Changu anagula ndi anthu a zitsulo zakutha. Anabwera ndi moto wodulira, ndipo m'masabata awiri munatsala mathanki okha ngati nthiti za ng'ombe. Zimene anatipatsa zinangokwana kulipira pagombe ndi lendi ya chaka. Kanyumba ka mpopi ndi mango kaja anagula ndi mphunzitsi wina. Tikukhalabe m'chipinda chimodzi chija, bedi, filiji, makina ndi kabati zonse momwemo, ndipo chitseko sichitseguka chonse.

Ndinakhala masiku asanu ndi anayi osawalankhula. Chakudya ndinkawaikira, madzi osamba ndinkawaikira, koma pakamwa ayi. Iwo ankagona pamphasa pansi, osadandaula. Tsiku lakhumi ndinawapeza ataima pakati pa chipinda, atagwira makina anga osokera mbali imodzi, akuyang'ana khoma ili ndi ilo.

"Asiyeni pomwepo," ndinatero. "Nyumba simira."

Anawasiya. Anakhala pamphepete pa bedi, manja ali pakati pa mawondo.

"Za dzuwa zija," ndinafunsa, "munkanama zonse?"

"Dzuwa linkatulukadi mbali imeneyo."

"Sindikufunsa za dzuwa."

"Mukapita kwa Chenai ku Chinhoyi, sindinkagona m'chipinda," anatero. "Ndinkakhala pathanki ndi pampu mpaka mubwere. Mukangolowa n'kugona kukhoma kuja, ndinkamva boti likukhala bwino. Pamenepo ndiye ndinkapeza tulo."

Ndinafuna kuwatukwana, ndipo mawu ake ndinali nawo, ndinali nditawakonza masiku asanu ndi anayi. Koma ndinakumbukira kuti zaka zisanu ndi chimodzi munthuyu ankaopa yekha zimene ine ndinaopa mphindi makumi awiri.

"Pindani mphasayo," ndinatero.

Anaipinda, n'kuima pafupi ndi bedi ngati mlendo. "Mugona mbali iti, mayi a Chenai?"

Chipinda chathu chili ndi windo limodzi, ndipo limayang'ana kukhoma la chimbudzi cha eni nyumba. Dzuwa sililowamo ngakhale pang'ono. Ndinakwawa pamwamba pa bedi mpaka kukhoma la kumanja, n'kugona pomwepo.